Kodi Mwana Wathu Wakonzeka Kulowa Sitandade 1?



Mwina ena mudabwa kuti kalata ya sukulu ya sekondale ikukamba za ana a zaka 4 ndi 5. Chifukwa chake n'chakuti mu Fomu 1 timakolola zimene zinadzalidwa zaka zimenezo. Chaka chilichonse tikalandira ophunzira atsopano, sipatha mwezi tisanaone ena amene kuwerenga kukuwavuta. Mwana wotere amawerenga mawu amodziamodzi chala chili pa pepala, ndipo pofika kumapeto kwa ndime amakhala ataiwala zimene zinali kumayambiriro. Nzeru ali nazo, chifukwa mukamufotokozera pakamwa amamva msanga ndipo amayankha bwino. Koma mukamupatsa buku kuti awerenge yekha, thukuta limayamba. Tikacheza ndi makolo ake, mbiri imakhala yofanana: anabwereza Sitandade 1, kapena anakwezedwa kupita Sitandade 2 ndi 3 asanadziwe bwino malembo, kuchokera pamenepo n'kumangoyendera kuloweza. Vuto limene tikuliona mwana ali ndi zaka 14 kapena 15 linayamba ali ndi zaka 6.

Ambiri a inu makolo muli ndi ana kapena adzukulu a msinkhu umenewu. Ophunzira athu, muli ndi abale anu aang'ono kunyumba. A komiti ya mzikiti, ena mukuyendetsa kale sukulu ya ana pafupi ndi madrasa, ena mukuganiza zotsegula. Choncho phunziro lino likutikhudza tonse. Tiona mmene sukulu ya mmera mpoyamba ingagwirizanire ndi zimene Sitandade 1 imafuna, ndiponso mmene tingadziwire ngati mwana wakonzeka.

Mwana mmodzi, maunduna awiri

M'Malawi muno ana a zaka 3 mpaka 5 amapita ku sukulu za mmera mpoyamba, zimene ena amati za mkombaphala. Zambiri za kumudzi zimayendetsedwa ndi anthu a m'mudzi momwemo, ndipo m'mapepala a boma zimatchedwa ma CBCC. Ana amasamalidwa ndi alezi, ambiri mwa iwo ongodzipereka. Sukulu zimenezi zili pansi pa unduna woona za jenda, ana ndi chisamaliro cha anthu, kudzera ku ofesi yake ya pa boma. Mwana akakwanitsa zaka 6 amalowa Sitandade 1, ndipo pamenepo amakhala m'manja mwa Unduna wa Maphunziro. Silabasi ndi mabuku a ku pulayimale zimakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, pamene mayeso a Sitandade 8 amakonzedwa ndi bungwe la MANEB ku Zomba.

Kotero mlezi ndi mphunzitsi wa Sitandade 1 amaphunzitsidwa kosiyana ndipo amayang'aniridwa ndi akuluakulu osiyana. M'madera ambiri awiriwa sanakhalepo pansi limodzi, ngakhale sukulu zawo zili mtunda woyenda mphindi 10 zokha. Amene amavutika ndi mwana. Mu Julayi ankasewera ndi anzake ochepa, mlezi akumudziwa dzina ndi kwawo. Mu Seputembala akupezeka m'kalasi lodzaza, momwe palibe amene akudziwa zimene amatha ndi zimene zimamuvuta.

Kudzaza kwa makalasi kunakula mu 1994, boma litachotsa fizi ku pulayimale. Ana oposa 1 miliyoni analowa sukulu nthawi imodzi, ndipo chinali chinthu chabwino, koma makalasi ndi aphunzitsi sizinakwane. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, komabe si zachilendo kupeza Sitandade 1 ya ana oposa 100. Ndi kalasi imenenso ana ambiri amabwereza. Mphunzitsi wa ana 100 sangathe kuyamba ndi mwana aliyense payekha. Mwana amene wafika ali wokonzeka amayenda ndi gulu, ndipo amene wafika wosakonzeka amatsalira mwakachetechete.

Zimene Sitandade 1 imafuna

Tisanakonzekeretse mwana tiyenera kudziwa kumene akupita. Mu 2016 Unduna wa Maphunziro unayambitsa pologalamu ya kuwerenga ya dziko lonse, imene aphunzitsi amaitchula kuti NRP, ya Sitandade 1 mpaka 4. Kaphunzitsidwe kake kamayenda ndi masitepe. Mwana amayamba ndi kumva maliwu a m'mawu, monga kuzindikira kuti "mayi" ndi "madzi" amayamba mofanana. Kenaka amaphunzira lembo limene limaimira liwu lililonse. Akatero amaphatikiza malembo kupanga maphatikizo monga ma, me, mi, mo, mu, ndipo maphatikizo amapanga mawu. Pambuyo pake m'pamene amawerenga ziganizo mosadodoma ndi kumvetsa nkhani. Mphunzitsi amayamba waonetsa yekha, kenaka amachita limodzi ndi ana, pomaliza ana amachita okha.

Taonani kuti sitepe yoyamba siifuna buku kapena pensulo. Imafuna khutu limene lazolowera kumvetsera ndi pakamwa pamene pazolowera kuyankhula. Chimodzimodzi masamu: mwana asanalembe 3 + 2, ayenera kudziwa kuti 3 ndi kuchuluka kwa zinthu, kaya ndi timiyala titatu kapena mbuzi zitatu. Maziko amenewa ndiwo ntchito ya mmera mpoyamba ndi ya kunyumba.

Ndondomeko za boma za ana aang'ono zimamuona mwana mbali zingapo: thupi ndi thanzi lake, kuganiza, chilankhulo, kukhala bwino ndi anzake, komanso makhalidwe ndi uzimu. Potengera mbali zimenezi, mwana amene akuyandikira zaka 6 timayembekeza kuti azitha zinthu ngati izi:

1. Kutchula dzina lake lonse, la makolo ake ndi la mudzi wake.
2. Kumvetsera nthano yaifupi mpaka kumapeto, n'kufotokoza amene anali m'nthanomo ndi zimene zinachitika.
3. Kutsatira malangizo awiri otsatizana, monga "tenga kapu uike pa tebulo".
4. Kuzindikira mawu oyamba ndi liwu lofanana, ndi malembo ena, makamaka a m'dzina lake.
5. Kugwira choko, khala kapena pensulo ndi zala zitatu, n'kujambula mzere ndi chozungulira.
6. Kuwerenga zinthu zenizeni mpaka 10 akukhudza chimodzichimodzi, ndi kunena mulu umene uli ndi zambiri.
7. Kupita yekha kuchimbudzi, kusamba m'manja ndi kusunga zinthu zake.
8. Kudikira nthawi yake, kubwerekana zinthu ndi anzake, ndi kupempha thandizo kwa munthu wamkulu mopanda mantha.

Pa mndandandawu palibe kulemba ziganizo kapena kuwerenga buku. Zimenezo ndi ntchito ya Sitandade 1 yeniyeniyo.

Kukonzekeretsa kumasiyana ndi kufulumizitsa

Anthu ambiri akamva zoti mmera mpoyamba igwirizane ndi pulayimale, amaganiza kuti ana a zaka 4 ayambiretu za Sitandade 1. Ndiye timaona ana atakhazikidwa m'mizere m'mawa wonse, akubwereza zimene zalembedwa pa bolodi, akupatsidwa ntchito yokalemba kunyumba zala zisanakhwime. Kumapeto kwa chaka avala mikanjo ndi zipewa, zithunzi zajambulidwa, makolo tasangalala. Sitikunena kuti chikondwerero n'choipa. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Tiyenera kufunsa zimene mwanayo watenga.

Nachi chitsanzo chimene aphunzitsi a Sitandade 1 amakumana nacho. Mwana waphunzira mayina a malembo m'Chingerezi, ndipo amawaimba bwino kuyambira A mpaka Z. Lembo la a amalitchula "ei", la e amalitchula "i", la i amalitchula "ai". Tsiku loyamba la phunziro la Chichewa mphunzitsi akulemba e n'kunena "e", mwana akunena "i". Akulemba i n'kunena "i", mwana akudabwa chifukwa kwa iye "i" ndi lembo lija lina. Mwana amene makolo ankati ali patsogolo akuyamba ndi kusokonezeka. Komanso ngati anazolowera malembo akuluakulu okhaokha, akatsegula buku apeza kuti mawu ambiri alembedwa ndi malembo aang'ono. Bwenzi zonsezi zitapeweka mlezi ndi mphunzitsi akanagwirizana kuti ana ayambe ndi maliwu a, e, i, o, u monga amamvekera m'Chichewa, ndi malembo aang'ono.

Ku masamu n'chimodzimodzi. Mwana akhoza kutchula manambala mpaka 100 m'Chingerezi osapuma, koma mukamuuza kuti akupatseni mtedza 6 amangotapa wodzaza dzanja. Waloweza mawu, tanthauzo lake sakulidziwa. Mnzake amene amangofika pa 10, koma amatha kugawa mango 6 kwa anthu atatu mofanana, ndiye amene wakonzekera masamu.

Chingerezi n'chofunika, ndipo ife a ku sekondale tikudziwa bwino zimenezo, chifukwa kupatula phunziro la Chichewa, mayeso a Sitandade 8 ndi a MSCE amalembedwa m'Chingerezi. Koma mwana amaphunzira kuwerenga mosavuta m'chilankhulo chimene akuchimva, ndipo luso lophatikiza malembo akaligwira amapita nalo ku Chingerezi. Pa zaka 4 ndi 5, Chingerezi chimakwana ndi moni, mayina a zinthu ndi masewera.

Msinkhu nawonso ndi wofunika. Kale aphunzitsi ankauza mwana kuti adutsitse dzanja pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Masiku ano tili ndi buku la kusikelo ndi chiphaso cha kubadwa, choncho zaka za mwana sizovuta kudziwa. Ena timatumiza mwana wa zaka 4 kuti azitsatira mkulu wake, ndipo amakangokhala m'kalasi zaka ziwiri mpaka sukulu kumutopetsa. Ena timachedwetsa mwana mpaka zaka 8 kapena 9. Tiyeni tiwerengere: wolowa ndi zaka 6 amafika Sitandade 8 ali ndi zaka 13. Wolowa ndi zaka 9 amafika ali ndi zaka 16, ndipo akabwereza kawiri, 18. Kwa mtsikana, zaka zimenezo n'zimene anthu amayamba kumukambira za banja, ndipo mwayi wofika kuno ku sekondale umachepa.

Kuunika mwana popanda mayeso

Tingadziwe bwanji kuti mwana akupita patsogolo? Ambiri tinakulira mayeso a kumapeto kwa teremu ndi kuitana manambala, woyamba mpaka wotsiriza. Njira imeneyi siithandiza pa mwana wa zaka 5. Lero akhoza kuyankha bwino, mawa n'kukhala chete chifukwa wabwera ndi njala, wagona mochedwa kapena akuopa mlendo. Nambala 27 pa ana 30 siiuza kholo chimene mwana akuvutika nacho, ndiponso siiuza mlezi choti achite. Chimene mwana amatolapo n'chakuti iye ndi wolephera, sukulu yeniyeni asanaiyambe n'komwe.

Ngakhale ku pulayimale, kuyambira pamene silabasi inakonzedwanso mu 2007, aphunzitsi amalimbikitsidwa kuunika mwana pang'onopang'ono chaka chonse, osangodalira mayeso omaliza. Ndiye mmera mpoyamba ikamaunika ana mwa kuwaonetsetsa, ikuyenda njira imodzi ndi pulayimale.

Njira yake ndi yosafuna ndalama zambiri. Mlezi akhale ndi kope limodzi, tsamba limodzi mwana mmodzi. Pa tsambalo alembe zinthu zisanu ndi zitatu zija, ndipo kamodzi pa teremu aike chizindikiro pa chilichonse: "sanayambe", "akuyesa" kapena "akutha". Asamukhazike mwana pa mpando kuti amufunse mafunso. Azimuona pamene akusewera, pamene akudya phala ndi pamene akumvetsera nthano. Tsiku limodzi akhoza kuona ana atatu kapena anayi okha, ndipo pakutha kwa milungu iwiri amakhala atawaona onse.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 5. Mu teremu yoyamba mlezi walemba kuti amawerenga timiyala mpaka 4 kenaka amadumpha, ndipo nthano samaimaliza. Mu teremu yachiwiri timiyala akufika nato pa 10, koma nthano zikadali chimodzimodzi, ndiponso akaitanidwa kuchokera kumbuyo satembenuka. Apa kope lija lagwira ntchito imene mayeso sakanagwira. Mwina mwanayu ali ndi vuto la makutu, ndipo makolo ayenera kupita naye kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala. Vuto lotere likadziwika msanga, mwana amathandizidwa ndipo mphunzitsi amamukhazika kutsogolo. Likapanda kudziwika, amatchedwa wamwano kapena wosamva kwa zaka zambiri.

Kumapeto kwa chaka mlezi akhale pansi ndi kholo n'kufotokoza zimene zili pa tsambalo. Kholo likavomera, tsambalo lipite kwa mphunzitsi wa Sitandade 1. Mphunzitsi wa ana 100 akalandira masamba 30 otere, ndiye kuti ana 30 wawadziwa kale sabata yoyamba. Tsambali lisagwiritsidwe ntchito pokaniza mwana sukulu. Mwana aliyense wa zaka 6 ali ndi ufulu wolowa Sitandade 1, kaya zambiri zili pa "akutha" kapena ayi.

Mwana wa Chiyao, madrasa ndi Chichewa

Ana athu ambiri amafika ku Sitandade 1 ndi katundu amene mabuku a sukulu samuwerengera. M'mabanja ambiri timayankhula Chiyao. Ku madrasa mwana amakumana ndi malembo 28 a Chiarabu. Ku sukulu akupeza Chichewa ndi Chingerezi. Mwana wa zaka 6 akusenza zilankhulo zinayi, ndipo ana amatha kutero ngati akuluakulu tikuwathandiza mwadongosolo.

Pali zambiri zimene madrasa imamupatsa mwana zothandiza ku Sitandade 1. Wazolowera kukhala pansi ndi kumvetsera amwalimu. Khutu lake laphunzira kusiyanitsa maliwu oyandikana. Koposa zonse, mwana amene waphunzira kuti lembo la baa likalandira fatha, kasra kapena damma limamveka ba, bi, bu, wagwira kale mfundo imene mphunzitsi wa Chichewa akufuna pophunzitsa ba, be, bi, bo, bu. Chimene chimasowa ndi munthu womuuza kuti zinthu ziwirizi ndi zapachibale. Amwalimu kapena mkulu wake akamuonetsa kamodzi kokha, mwana amasangalala kuona kuti zimene akudziwa zili ndi ntchito.

Palinso zofunika kusamala. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo buku lake limatsegulidwa mbali imene pa buku la Chichewa ndi kumapeto. Mwana wina amayamba kulemba dzina lake kuchokera kumanja, kapena amasokoneza b ndi d. Kutembenuza malembo kumachitika kwa ana ambiri a msinkhu umenewu, ngakhale amene sanapiteko ku madrasa, choncho si chifukwa chomukalipira kapena chomuletsera kwina. Ikani kadontho kumanzere kwa mzere, mumuuze kuti Chichewa chimayambira pa kadonthoko. Pakapita milungu ingapo amazolowera.

Pa chilankhulo, mwana wokulira m'Chiyao akhoza kunena "s" pamene Chichewa chili ndi "z", ndipo amalemba monga akumvera. Asasekedwe. Alezi amulandire m'Chiyao, amufotokozere zinthu zatsopano m'Chiyao, kenaka chaka chomaliza awonjezere nthano, masewera ndi zokambirana za m'Chichewa tsiku lililonse, kuti Chichewa chisadzakhale chachilendo tsiku loyamba la sukulu. Makolo musasiye kuyankhula Chiyao kunyumba poganiza kuti mukumuthandiza. Mwana wodziwa mawu ambiri m'chilankhulo chake amaphunzira chachiwiri mosavuta.

Chenjezo limodzi likukhudza madrasa ndi sukulu yomwe: kuloweza si kuwerenga. Kuti mudziwe, lozani lembo la pakati pa tsamba, osayambira koyambirira. Ngati mwana akuyamba wabwerera ku alif kapena ku a kuti alipeze, ndiye kuti akudziwa mndandanda wake, lembolo sanalidziwe.

Zimene kafukufuku wa m'dziko muno anapeza

Kafukufuku wina amene anachitika ndi thandizo la World Bank anatsatira ana a m'sukulu za mmera mpoyamba 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018. Sukulu zonse zinalandira zipangizo zosewerera ndi zophunzirira. M'zina alezi anaphunzitsidwa, ndipo m'zina anaphunzitsa alezi pamodzi ndi makolo. Patatha miyezi 18, ana amene anaonetsa kusintha pa chilankhulo ndi pa kakhalidwe ndi anzawo anali a m'sukulu zimene alezi ndi makolo omwe anaphunzitsidwa. Patatha miyezi 36, kusiyana kuja sikunaonekenso.

Ife tikutengapo mfundo ziwiri. Yoyamba, kuphunzitsa mlezi yekha sikukwanira ngati kunyumba kulibe chimene chikuchitika. Yachiwiri, chiyambi chabwino chikhoza kuzimirira ngati palibe wochipitiriza. Mbande yabwino ya ku nazale ikaokeredwa m'munda wosakonzedwa imafota. Choncho funso lakuti mwana wakonzeka liyenera kuyenda ndi linzake: kodi sukulu ya pulayimale yakonzeka kumulandira? Masabata oyamba a Sitandade 1 ayenera kukhala ndi nyimbo, masewera ndi zinthu zogwira m'manja monga mwana anazolowera, ndipo kalasi imeneyi iyenera kupatsidwa mphunzitsi wodekha ndi waluso. Makolo amene muli m'komiti ya sukulu ya pulayimale kapena m'gulu la amayi, nkhani imeneyi mukhoza kuikamba kumeneko.

Mayiko a m'bungwe la United Nations, kuphatikizapo Malawi, analonjeza mu 2015 kuti pofika 2030 mwana aliyense, wamkazi ndi wamwamuna, azipeza chisamaliro ndi maphunziro abwino asanayambe pulayimale. Lonjezo limenelo ndi la maboma, koma mbali ina ili m'manja mwathu.

Ntchito ya aliyense

Kwa makolo: simufunika kudziwa kuwerenga kuti mukonzekeretse mwana. Muziyankhula naye pophika, polima ndi popita kumsika. Mufunseni mafunso ofuna kufotokoza, monga "wawona chiyani panjira?" kapena "n'chifukwa chiyani nkhuku yathawa?", ndipo mumudikire ayankhe. Awerenge tomato pamene mukugula, agawe mbale pamene mukudya. Abambo, ntchito imeneyi ndi yanunso. Onetsetsani kuti wadya kanthu m'mawa, chifukwa mwana wanjala samva. Mukapita ku sukulu yake musafunse nambala imene wakhala. Funsani zimene akutha tsopano zimene sankatha teremu yatha, ndi zimene mungamuthandize kunyumba.

Kwa ophunzira athu: inu ndinu aphunzitsi apafupi kwambiri a abale anu aang'ono. Mphindi 15 pa tsiku n'zokwanira. Muwafotokozere nthano, kenaka iwo akufotokozereni. Sewerani nawo masewera opeza zinthu zoyamba ndi liwu limodzi, monga mbale, mbuzi, mbatata. Lembani dzina lawo pa mchenga ndi malembo aang'ono kupatula loyamba, iwo atsatire ndi chala. Gwiritsani ntchito zitsekerero za mabotolo, bawo ndi phada powerengera. Akalakwa musawamenye kapena kuwaseka. Ena mwa inu mukukumbukira mmene zinkawawira kusekedwa mu Sitandade 1.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti, tikupempha zinthu zisanu. Choyamba, ngati muli ndi sukulu ya ana kapena mukufuna kutsegula, kaidziwitseni ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma, ndipo mufunse za maphunziro a alezi ndi mabuku owatsogolera. Chachiwiri, ganizirani kangachepe ka alezi. Mlezi wodzipereka akasowa sopo amachoka, ndipo luso lake limapita naye. Chachitatu, kamodzi pa teremu itanani alezi, amwalimu ndi mphunzitsi wa Sitandade 1 wa sukulu yapafupi, kudzera kwa mphunzitsi wamkulu, kuti akhale pansi ola limodzi n'kugwirizana za maliwu, malembo, manambala ndi kope lija. Chachinayi, mu teremu yachitatu konzani tsiku loti ana omaliza akaone sukulu ya pulayimale: kalasi yawo, chimbudzi, mjigo ndi mphunzitsi amene adzawalandire. Chachisanu, gwirizanani ndi makolo kuti mayeso olemba ndi kuitana manambala zithe, ndipo ndalama za mikanjo zipite ku phala, choko ndi sopo wosambira m'manja.

Ifenso a ku sekondale tili ndi mbali yathu. Ophunzira a Fomu 1 amene kuwerenga kukuwavuta sitiwasiya, ndipo tipitiriza kuwathandiza. Koma kuongola pa zaka 15 chimene chinapindika pa zaka 6 kumatenga nthawi yaitali, ndipo ena amatopa n'kusiya sukulu tisanamalize. Mwana amene ali ndi zaka 5 lero adzafika mu Fomu 1 pakatha zaka 9, Insha Allah, ndipo tikufuna adzafike akuwerenga yekha.

Mafunso oti tikambirane kunyumba, m'kalasi ndi ku komiti

1. Pa zinthu zisanu ndi zitatu zimene tatchula, ndi ziti zimene mwana wa kwanu akutha, ndipo ndi ziti zimene akuyesa?
2. N'chifukwa chiyani mwana wodziwa mayina a malembo m'Chingerezi akhoza kusokonezeka pa phunziro la Chichewa?
3. Kodi kope la mlezi likusiyana bwanji ndi mayeso a kumapeto kwa teremu?
4. Ndi luso liti la ku madrasa limene lingathandize mwana kuwerenga Chichewa, ndipo ndani amuonetse?
5. Kodi m'dera lanu muli ana a zaka 7 kapena kuposerapo amene sanayambe Sitandade 1? Ndani akacheze ndi makolo awo sukulu zisanatsegulidwe?

Mayankho ndi maganizo anu mudzabwere nawo ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukubwerawu.